Tsitsani nsambo ya besi poimba gitala muli nokha

Anzanga amene mumakonza nyimbo za makolo, monga za ngoma ya Angoni kuno ku Ntcheu, kuti zizimveka pa gitala imodzi popanda mawu, tsitsani nsambo ya besi, yonenepa kuposa zonse ija, kuchoka pa E kufika pa D, mukumvetsera nsambo yachinayi (kuwerenga kuyambira ku yopyapyala kwambiri), yomwe ili kale pa D, mpaka ziwirizo zigwirizane. Kenaka ikani nyimboyo mu kiyi ya D. Chala chachikulu chizigunda nsambo ziwirizi mosinthanitsa, ngati kuponda kwa ovina, ndipo popeza sizifunika kudinikiza, dzanja lamanzere limamasuka kutsata nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono, ngakhale kulowetsamo makodi (manoti angapo oimbidwa pamodzi) a jazi. Ine besi inkandidukira pakati pa nyimbo kwa miyezi yambiri ndisanatulukire zimenezi. Pakapita mphindi zingapo muichunenso, chifukwa nsambo yotsitsidwa kumene imakonda kukwera pang'ono.