Aatali awiri pansi pa ring'i: muwagawe chonchi

Timu ya basketball ya atsikana ya ku koleji ikakhala ndi osewera awiri aatali omwe onse amakonda pafupi ndi ring'i, angasewere bwanji limodzi osapanikizana?

Yambani ndi kuona amene amapatsira mpira bwino. Ameneyo akwere pamzere wa free throw (pomwe wochimwiridwa amaponyera mpira osatchingidwa), mnzake atsale pansi, pafupi ndi ring'i. Ndi momwe mphunzitsi Kim Mulkey ankachitira ku yunivesite ya Baylor ku America: Lauren Cox pamwamba, Kalani Brown pansi, ndipo mu 2019 anatenga chikho cha NCAA, cha makoleji a ku America, atagonjetsa Notre Dame 82-81.

Kenako phunzitsani wapansiyo kutchinga, ndipo apa musafulumire ayi. Mpira ukangofika kwa wapamwamba, wapansiyo atembenuke, womulondayo amuike kumsana, miyendo atakhazikitsa motalikirana, dzanja limodzi m'mwamba kusonyeza pomwe akuufuna. Mdani akamuimira kutsogolo, mpira udutse pamwamba pake cha kubolodi. Akaulandira asautsitse m'chiuno, pomwe afupiafupi amatsomphola. Ukhale pachibwano, nkulumpha. Akumbukirenso kuti m'bokosi la pansi pa ring'i saloledwa kupitirira masekondi 3.

Wapamwamba ayenera kumachinya kuchokera pamzerewo. Ngati sangathe, womulonda amangobwerera pansi, ndiye mnzake amapezeka pakati pa anthu awiri. Kwa ine, pamenepa ndi pomwe dongosololi limagonera.

Atatu otsalawo aime kunja kwa mzere wa mapointi 3. Mpira ukatembenukira mbali ina, aataliwo asinthane: wapansi akwere, wapamwamba atsike. Ukaponyedwa ku ring'i, onse awiri athamangire rebound (mpira wobwerera ukaphonya), ena awiri abwerere msanga kukateteza.