Momwe mungasonkhanitsire asilikali opuma pa foni pamene kukumana kwavuta

Bambo anga anavula yunifolomu kalekale, koma mpaka chaka cha 2020 Loweruka lomaliza la mwezi silinkawapeza pakhomo. Lachisanu usiku ankapolisha nsapato, m'mawa n'kukwera minibasi kukakumana ndi anzawo amene anagwira nawo ntchito kumabalakisi a Moyale ndi Cobbe. Ena mwa iwo anagona nawo m'tchire polondera njanji ya ku Nacala, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati.

Kenaka kunagwa Covid-19. Pa 20 Malichi boma linalengeza kuti dziko lili pangozi, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa, ndipo pa 2 Epulo odwala oyamba anapezeka. Azaumoyo ankachenjeza kwambiri achikulire ndi odwala shuga kapena BP, ndiye kuti gulu lonse la bambo. Nsapato zija zinachita fumbi kunsi kwa bedi. Bambo ankangokhala pakhonde wailesi ili pamwendo, ndipo tsiku lina anamva za maliro a mnzawo wa inteki imodzi, amene analowa naye usilikali nthawi imodzi, patapita sabata ziwiri ataikidwa. Tsiku limenelo sanadye. Ndi pomwe ine ndi ana a anzawo awiri tinayamba kuwasonkhanitsa pa foni, ndipo zomwe ndalemba pano ndi zomwe tinaona kuti zimatheka. Mliri unadutsa, koma miyendo ya madalawa sikubwerera mwakale, mtengo wa minibasi sukutsika, ndipo mvula ikadula milatho ngati nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, njira yake ndi yomweyi.

1. Yambani ndi kope, foni ibwere pambuyo

Khalani pansi ndi mmodzi mwa akuluakuluwo, mulembe mayina onse a gulu. Pa dzina lililonse lembani boma lomwe akukhala, nambala yawo, mtundu wa foni yomwe ali nayo, ndi dzina la mwana kapena mdzukulu amene amakhala nawo pafupi. Mzere womalizawu ndiwo ofunika kuposa yonse. Mudzapeza kuti ambiri ali ndi kafoni kamabatani, ena foni yogusa ali nayo koma maso anafooka, ena makutu anawonongeka ndi phokoso la mfuti. Popanda wachinyamata wowagwirira foni, gulu lanu lidzakhala la amene anapuma posachedwa okha, pamene ofunika kucheza nawo kwenikweni ndi okalamba aja.

Musaike munthu pagulu musanamuimbire. Ndipo woimbayo akhale mnzake wa usilikali, osati inu mwana. Mawu akuti "Bwana Sajeni, anyamata akukufunani" amatsegula khomo lomwe uthenga wa pa foni sungatsegule. Ngati kwanuko kuli nthambi ya VELOM, bungwe la asilikali opuma, adziwitseni akuluakulu ake kuti asaone ngati mukuyambitsa bungwe lina lopikisana nalo. Amayi amasiye a asilikali musawaiwale. Moyo wa kubalakisi anaudziwa bwino, ndipo pagulu lathu ndi amene amayamba kudziwa kuti wakuti wagonekedwa m'chipatala.

2. Tsegulani gulu la WhatsApp, lisakule kwambiri

WhatsApp ndi yomwe anthu ambiri anaizolowera, komanso Airtel ndi TNM ali ndi mabandulo ake apadera otsikirapo mtengo. Dinani pa New group, sankhani mayina, lembani dzina la gulu losavuta kuwerenga. Anthu makumi atatu kapena anayi akwana. Mukapitirira apo macheza amatha, limasanduka msika. Ma adimini akhale atatu: wapampando, mlembi, ndi wachinyamata mmodzi wodziwa foni amene ntchito yake ndi yokonza zovuta basi, osalowerera nkhani za akuluakulu.

3. Konzani foni ya munthu aliyense

Apa pamafunika kuleza mtima. Pa foni iliyonse kuzani zilembo mu Settings ya WhatsApp, pa Chats, pa Font size. Kenaka pitani pa Storage and data mukatseke zoti zithunzi ndi mavidiyo azilowa okha, chifukwa vidiyo imodzi ya kwaya imene wina watumiza ndi mtima wabwino imatha bandulo ya munthu wodikira penshoni. Pomwepo pali pena palembedwa Use less data for calls, yatsani.

Mukatero aphunzitseni chinthu chimodzi chokha: kudina kachizindikiro ka maikolofoni, kuyankhula, kusiya. Zolemba zisiyeni kaye. Bambo anga kulemba mawu asanu kunkawatengera mphindi zingapo, chala chikunjenjemera pamwamba pa zilembo, mpaka ankaponya foni pampando. Tsiku lomwe anatumiza uthenga woyamba wa mawu anaimirira, n'kukonza kolala ya malaya, n'kutchula nambala yawo ya usilikali yonse ngati ali pa perete. Patapita kanthawi foni inalira, mawu okalamba ochokera ku Karonga akuyankha ndi nambala yawonso, kenaka chiseko. Anaumvera uthenga umenewo kasanu.

4. Ikani tsiku ndi ola loitana mayina

Ngati mungaiwale zonse zomwe ndalemba, ichi chokha musachitaye. Msilikali anakula ndi kuitana mayina. M'mawa uliwonse wa moyo wake wa ntchito panali munthu amene ankafuna kudziwa ngati alipo, ndipo akasowa ankafunidwa. Atapuma, zimenezo zinatha. Mliri utabwera, ngakhale kutchalitchi ndi kumzikiti komwe akanaonedwa kuti sanabwere kunali malire a anthu.

Choncho sankhani tsiku limodzi pasabata ndi ola limodzi losasintha. Ife tinasankha Lachitatu 7 koloko m'mawa, foni zikadali ndi moto wa usiku ndipo anthu asanapite kumunda kapena kudimba. Wapampando amatumiza uthenga wa mawu wotsegulira, ndipo aliyense amayankha mwachidule: dzina, komwe ali, wadzuka bwanji. Mlembi amachonga m'kope muja. Ikafika 12 koloko masana, amene sanayankhe amaimbiridwa. Foni ikapanda kuyankhidwa, amaimbira mwana kapena mdzukulu uja. Kukada osamveka kanthu, mnzake wokhala pafupi amapita kukaima pabwalo n'kuodira (nthawi ya mliri ankaodira ali patali, chotchinga pakamwa chili kumaso).

A mafoni amabatani amagawidwa kwa anzawo, munthu mmodzi atatu kapena anayi. Iye amawaimbira, n'kuwayankhira pagulu kuti wakuti alipo, akudandaula bondo, akupereka moni. Akamaliza amawaimbiranso kuwauza zomwe zakambidwa. Zimadya mayunitsi, n'zoona, ndipo gulu liyenera kumubwezera. Koma mu Januwale 2021, mliri utafika poipa mpaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, kumwalira tsiku limodzi, kope limeneli ndi lomwe linatidziwitsa msanga kuti mkulu wina wokhala yekha wagona masiku awiri akubanika. Mwana wake anali ku Johannesburg, samadziwa kanthu.

5. Kuonana nkhope kamodzi pamwezi

Kuimbirana pa vidiyo kumadya bandulo, choncho kamodzi pamwezi n'kokwanira. Nthawi ya mliri WhatsApp inkalola anthu asanu ndi atatu okha pa kuimba kumodzi, pano imalola mpaka 32. Ngakhale zili choncho, ine ndimakondabe timagulu ta anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, makamaka a inteki imodzi kapena a kampani imodzi ya asilikali, chifukwa akachuluka amangoyankhula awiri okha olongolola. Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40 ndipo imafuna netiweki yabwino, ndiye isungireni msonkhano waukulu wapachaka pomwe ana okhala kunja akufuna kulowa nawo.

Foni muitsamiritse pa kapu kapena pa njerwa, munthu ayang'ane komwe kukuchokera kuwala, wailesi muzimitse. Netiweki ikayamba kudukaduka, tsekani kamera mupitirize ndi mawu okha. Ndipo mukawalumikiza, inu ana tulukani panja. Pali nkhani za ku Nacala ndi za ku Congo zimene sangazikambe ife tili pomwepo, ndipo ndi nkhani zomwezo zimene zimawasowetsa tulo. Mnzake akaona kuti wina akungokamba za imfa, kapena wayamba kumwa kwambiri, auze apabanja ake kuti apite naye kuchipatala. Gulu limatonthoza, koma si dokotala.

6. Malamulo akhale ochepa, onenedwa ndi wapampando

Ndale zikhale kunja. Gulu lathu linatsala pang'ono kupasuka pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020, anthu amene anadyera mbale imodzi m'tchire akutukwanizana chifukwa cha zipani. Chachiwiri, nkhani za asilikali amene akadali pantchito, komwe atumizidwa, tsiku lonyamuka, zithunzi za zida, zisaikidwe. Ambiri ali ndi ana m'gulu lankhondo ndipo amanyadira, koma uthenga wa pa WhatsApp suchedwa kutuluka m'gulu. Chachitatu, uthenga wa maliro ulengezedwe ndi mlembi yekha, apabanja atavomereza, ndipo chithunzi cha wodwala kapena cha thupi chisaikidwe. Chachinayi, mauthenga a mankhwala ozizwitsa ochita kutumizirana asalowe. Za maudindo musavutike nazo. Kopolo adzapitiriza kunena kuti "Bwana" kwa Meja ngakhale onse ali ndi ndodo, ndipo palibe chifukwa chowaletsera, bola poyankhula aliyense apatsidwe mpata.

7. Tetezani ndalama ndi manambala

Akuba a pa foni amadziwa kuti wopuma pantchito amadikira ndalama. Amaimba mwaulemu, akutchula udindo wa munthu, n'kunena kuti ndalama zotsalira za penshoni zatuluka koma pakufunika kachiphaso, tumizani kangachepe. Ena amati atumiza nambala molakwitsa, muwawerengere manambala asanu ndi limodzi amene abwera pa SMS. Mukawerenga, WhatsApp yanu yapita, ndipo ayamba kupempha ndalama kwa gulu lonse m'dzina lanu. Uzani akuluakulu mobwerezabwereza kuti manambala amenewo, ndi PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, sauza munthu. Pa foni iliyonse yatsani Two-step verification, loko wachiwiri wa WhatsApp, mu Settings, pa Account, ndipo PIN yake ilembedwe papepala losungidwa pamodzi ndi mamendulo. Wina akapempha ndalama polemba, muimbireni mumve mawu ake.

Zopereka za chipepeso ndi za odwala zipite ku nambala imodzi ya msungichuma. Iye azilengeza amene apereka ndi zomwe zatuluka, ndipo wachiwiri azitsimikiza. Muikemonso kathumba ka bandulo ka amene zawavuta mwezi umenewo, koperekedwa mwakachetechete.

8. Tsiku lokumbukira

Lamulungu lachiwiri la Novembala, tsiku lokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, pamene nkhata zamaluwa zimaikidwa pa nsanja ya chikumbutso ya keyala (KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) ku Zomba ndi pa chipilala cha ku Lilongwe, ambiri a gulu lanu sadzatha kufikako. Konzekerani kudakali sabata. Mlembi asonkhanitse mayina a anzawo onse amene anatsogola, a kunkhondo ndi a pamphasa omwe, kuphatikizapo makolo awo a keyala amene anakamenya nkhondo ku Burma ngati alipo owakumbukira. Uzani adzukulu atchaje mafoni Loweruka ndi kugula bandulo usiku womwewo.

Lumikizanani kutatsala mphindi khumi kuti 11 koloko ikwane. A mafoni amabatani aimbiridwe ndi anzawo aja, foni iikidwe pa sipika pafupi ndi inayo. Ikakwana 11, wapampando anene mawu amodzi, onse akhale chete mphindi ziwiri, kenaka mayina awerengedwe pang'onopang'ono, limodzi limodzi, wowerenga akupuma pakati kuti amene netiweki ikuchedwa kwawo amve. Chaka choyamba bambo anavala jekete ndi mamendulo awo, ndi nsapato zija atazipolisha, ngakhale kamera inkangoonetsa kuyambira pachifuwa kupita kumutu. Anaima njo pakhonde, foni itatsamira pa kapu ya tiyi, tambala wa ku Karonga akumveka kulira m'foni mphindi ziwiri zonsezo.