Mmene mungasamalire malinki kuti bizinesi yanu izioneka pa Google

Malume anga ali ndi kaloji kakang'ono chakufupi ndi Likhubula, zipinda zisanu basi ndi kamsasa kodyeramo, komanso amalumikiza alendo ndi magayidi ndi mapota okwera nawo phiri. Tsiku lina anandiimbira nkunena kuti "iwe mphwanga, webusayiti tinalipira ndalama zambiri, zithunzi za Dziwe la Nkhalamba tinaikamo zokongola, koma mlendo akasaka za Mulanje pa Google ife sitikupezeka, tabwera udzandionere vuto lili pati." Ndinakhala pakhonde pawo ndi laputopu masiku awiri, chiperoni chikuwaza, ndipo vuto lomwe ndinapeza silinali zithunzi kapena Chingerezi chawo ayi, anali malinki. Nde ndati ndilembe zomwe tinachita kuti nanunso a bizinesi kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, kaya mumagulitsa tiyi, uchi, nanazi, kaya muli ndi loji kapena galimoto zahayala, mukayesere kwanu.

Muyambe mwamvetsa kaye kuti Google imayenda pa intaneti potsata malinki, ngati mmene munthu amatsatira tinjira ta mmunda wa tiyi, kanjira kakathera pachitsamba nayenso amabwerera. Ndipo chiyambire 1998 pomwe Larry Page ndi Sergey Brin anayambitsa kampaniyi, maganizo awo anali oti webusayiti ina ikaika linki yoloza kwanu ndiye kuti yakuchitirani umboni, njira yowerengera umboniwo anaitcha PageRank. Zasintha zambiri kuchokera nthawi imeneyo koma mutu wake udakalipo, ndipo nzofanana ndi zakumudzi zomwe, mawu a munthu mmodzi wodalirika amalemera kuposa phokoso la anthu 100 omwe palibe akuwadziwa komwe achokera.

Choyamba penipeni tsegulani Google Search Console, chida cha Google chokuonetsani mmene Google ikuonera webusayiti yanu. Ndi yaulere, imangofuna akaunti ya Google ndi kutsimikizira kuti webusayitiyo ndi yanudi, amakupatsani timalemba toti muike pomwe alemba DNS komwe munagula domeni, lomwe ndi dzina la adiresi ya webusayiti yanu, kapena kafayilo koti muike pa hositingi, komwe kumasungidwa webusayitiyo. Ngati zimenezi zikukuzunguzani mutu muuzeni amene anakupangirani webusayiti achite inu mukuona, koma chonde chonde akaunti ikhale ya imelo yanu ndipo pasiwedi muidziwe inuyo. Apa ndikulankhula mtima ukuwawa chifukwa ndaonapo eni mabizinesi atasowa pogwira, mnyamata wopanga webusayiti uja wapita ku Joni, nambala wasintha, mwini wake kutsala panja pa nyumba yake yomwe opanda kiyi. Mukatsegula mudikire masiku angapo kuti manambala ayambe kubwera, kenako malo awiri ndi omwe muzikhalapo kwambiri, pomwe alemba Pages ndi pomwe alemba Links.

Pa Pages paja muyang'ane mzere wa Not found 404. Amenewo ndi maadiresi omwe Google ikuwadziwa koma ikafikapo ikupeza pabwinja. Kwa malume ndi pomwe panali chilonda. Munthu amene anawakonzera webusayiti kachiwiri anasintha mayina a mapeji onse, peji yomwe kale inali /sapitwa-hike inasanduka /tours/sapitwa, yakale ija nkungoifufuta basi. Chonsecho panali mlendo wina wa ku Ulaya yemwe anakwera Sapitwa ndi gayidi wa malume, atabwerera kwawo analemba nkhani yaitali ya ulendo wake nkuikamo linki yoloza ku peji yakale ija. Tangoganizani, munthu wawerenga nkhani yonse, mtima wamukoka kuti naye akaime pa mamita 3,002 pamwamba paja, akudina linki nkupeza 404. Ameneyo sadikira, amabwerera nkukabukitsa kwina. Umboni wabwino kwambiri womwe malume anali nawo unkangotayikira pansi ngati madzi a mpaipi yoboka.

Mankhwala ake ndi 301 redirect, yomwe ili ngati kachikwangwani kosiya pashopu yakale konena kuti tasamukira uko mpaka kalekale. Munthu ndi Google yemwe akafika pa adiresi yakale amangopititsidwa ku yatsopano, ndipo mphamvu ya linki ija imamutsatira. Ngati webusayiti yanu inapangidwa ndi pulogalamu ya WordPress pali pulagini, kapulogalamu koonjezera, yaulere yotchedwa Redirection, mumangolemba adiresi yakale pamwamba yatsopano pansi, mwatha. Koma musachite ulesi wolozetsa mapeji onse akufa ku peji yoyamba ya webusayiti, anthu ambiri amatero poganiza kuti athana nazo msanga, pomwe Google nthawi zambiri imaziona ngati 404 yomweyo. Ya Sapitwa ipite ku ya Sapitwa, ya Chambe ku ya Chambe, ya mitengo ya zipinda ku ya mitengo ya zipinda. Ngati chinthucho munasiyiratu kugulitsa ndipo palibe chofanana nacho, isiyeni ikhale 404, si tchimo. A Google amalangiza kuti redirect ikhalepo chaka chathunthu kapena kupitirira, ine ndimati ingoisiyani, siidya nsima. Chongopewa ndi kulumikiza ma redirect ngati unyolo, iyi kupita ku iyo, iyo kupita ku ina, ingolozetsani zonse komaliza kuja mwachindunji.

Kenako tengani foni yanu mulembe adiresi ya webusayiti mnjira zinayi, ndi http, ndi https, ndi www kutsogolo, komanso popanda www. Zonse zinayi zikuyenera kukathera pa adiresi imodzi ya https. Zikamatsegula payokhapayokha ndiye kuti umboni wanu ukhoza kumagawikana, muuzeni wa hositingi akonze. Pomwepo dinaninso batani la WhatsApp lomwe lili pa webusayiti yanu muone ngati likufika kwa inudi. Linki yake imalembedwa wa.me kenako kamzere kopendeka, kenako 265 ndi nambala yanu mutachotsa 0 woyamba, popanda chizindikiro cha + kapena mipata. Kwa malume inkaloza ku layini yomwe anataya kalekale, nde kaya ndi alendo angati analemba uthenga osayankhidwa.

Tsopano malinki amkati, omwe amachoka pa peji yanu kupita pa peji yanu inanso. Awa ndimawakonda chifukwa simupempha munthu, simulipira kanthu, zonse zili mmanja mwanu, koma ndi omwe anthu amawanyalanyaza kwambiri. Malume anali ndi peji yabwino zedi yofotokoza kayendedwe kochoka ku Limbe pa minibasi mpaka pa Chitakale nkukwera kabaza wa ku Likhubula, koma panalibe peji ngakhale imodzi yolozako, inali ngati nyumba yomangidwa pakati pa munda popanda kanjira. Tinaiika pa menyu, tinaiikanso mkati mwa peji ya zipinda ndi ya maulendo. Muziganiza ngati kasitomala, munthu amene wawerenga za Sapitwa chotsatira akufuna kudziwa chani? Mtengo wa gayidi ndi pota, komwe agone asanakwere, zoti anyamule. Ndiye malinki atatu amenewo akhale pompo mkati mwa nkhani, osati abisale pansi penipeni. Ndipo mawu omwe mukuwasandutsa linki azinena chomwe chili kutsogoloko. Kulemba "dinani apa" kapena "click here" paliponse sikuuza Google kanthu, lembani "mitengo ya magayidi ndi mapota" kapena mu Chingerezi "Mulanje guide and porter fees" ngati pejiyo ndi ya alendo akunja. Chithunzi chikakhala linki, Google imawerenga alt text yake, mawu ofotokoza chomwe chili pa chithunzicho, nde musaisiye yopanda kanthu. Amene muli ndi laputopu mukhoza kutsitsa pulogalamu yotchedwa Screaming Frog, yaulere yake imayendera maadiresi okwana 500, zomwe kwa bizinesi yaing'ono nzokwanira, imakuonetsani linki iliyonse yothyoka ndi peji yomwe ili.

Mukakonza zapakhomo ndi pomwe mutuluke kukafuna malinki akunja. Pitani pa Links muone pomwe alemba Top linking sites, mudziwe kaye amene akukulozerani kale. Kenako tengani kope mulembe anthu onse omwe mumachita nawo bizinesi yeniyeni ndipo ali ndi mawebusayiti, makampani a maulendo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe omwe amakutumizirani alendo, mashopu omwe amagulitsa tiyi kapena uchi wanu, gulu lomwe munalithandiza pamwambo wawo, alendo omwe amalemba za maulendo awo. Ambiri mwa amenewa dzina lanu analitchula kale pena pake koma osaika linki, osati mwankhanza, sanaganizeko chabe. Alembereni mwaulemu komanso mwachidule, ngati mmene tinalembera bwana wina wa kampani ya maulendo: "Bwana, tathokoza kwambiri potitchula pa peji yanu ya Mulanje, timapempha ngati nkotheka muikepo linki yathu kuti alendo asamavutike kutipeza, adiresi yake ndi iyi." Basi. Ena ayankha, ena ayi, pakatha masabata awiri mukumbutse kamodzi kenako muwasiye, ubale ndi wofunika kuposa linki. Mlendo wa ku Ulaya uja tinamulemberanso kuti asinthe adiresi yakale, ngakhale redirect inali ikugwira kale.

Koma kunena zoona munthu saloza chala pamalo popanda choona. Peji yongoti "ndife abwino, bwerani" palibe angaiikire linki. Lembani zomwe inu mukuzidziwa ndipo wa ku London sangazidziwe, zoti munthu anyamule chani pokagona ku kanyumba ka paphiri ka Chisepo asanakwere Sapitwa mmamawa, mmene chiperoni chimatsekera njira mu June ndi July, kusiyana kwa njira ya ku Chambe ndi ya ku Lichenya kwa munthu amene sanakwerepo phiri, komwe angaime poonera mpikisano wothamanga paphiri wa Porters Race. Wa ku Thyolo alembe za nyengo yothyola tiyi, kapena mmene amasankhira nthochi zotumiza ku tauni. Phiri la Mulanje linalowa mndandanda wa UNESCO wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse mu 2025, ndipo ine ndikuona kuti olemba za maulendo azifuna peji yodalirika yolozako, nde bwanji isakhale yolembedwa ndi mwana wa pompano?

Za Facebook anthu amandifunsa kawirikawiri. Malinki a pa Facebook ndi malo ambiri omwe aliyense amangolembapo amakhala ndi chizindikiro cha nofollow, chouza Google kuti linkiyo isatengedwe ngati umboni, chomwe chinabwera mu 2005 pofuna kuthana ndi anthu omwaza malinki paliponse, nde musayembekeze kuti akukwezani pa Google ngati linki ya mkati mwa nkhani. Komabe ikani, chifukwa amabweretsa anthu enieni. Muikenso adiresi ya webusayiti pa Google Business Profile yanu, ija imaoneka pa mapu, dzina ndi nambala zifanane ndendende ndi za pa webusayiti.

Apa nde mundimvetsere bwino abale anga. Mudzalandira imelo kapena uthenga wa munthu wolonjeza malinki masauzande pa mtengo wozizira, ati sabata imodzi mukhala nambala wani. Musayerekeze. Malinki amenewo amachokera ku mawebusayiti azinyalala omwe palibe munthu amawerenga, ndipo Google inayamba kulimbana nawo mwamphamvu mu 2012 ndi kusintha komwe kunatchedwa Penguin. Zikakuyenderani bwino Google ingowanyalanyaza ndalama yanu nkupita mmadzi, zikavuta mupeza uthenga wa chilango mu Search Console pomwe alemba Manual actions webusayiti itatsitsidwa. Chimodzimodzi zija zoti "ndiike nane ndikuika" ndi aliyense amene wabwera, loji kusinthana linki ndi webusayiti ya njuga, zimenezo ayi. Kusinthana ndi gayidi kapena wa galimoto amene mumagwiradi naye ntchito palibe vuto. Ngati mwalipira malonda pa webusayiti ya wina, linkiyo aiike chizindikiro cha sponsored, chomwe Google inabweretsa mu 2019, sikulakwa kutsatsa malonda, kulakwa nkubisa kuti munalipira.

Pali chida china chotchedwa Disavow chouzira Google kuti malinki awa sindikuwafuna, mumalemba madomeni mu fayilo ya txt limodzi pamzere uliwonse nkuitumiza. Ena akangoona dzina lachilendo pa Top linking sites amathamangira kumeneko ndi mantha. Musatero, a Google eni ake amati mawebusayiti ambiri sachifuna chidachi, ndipo mukalakwitsa mudula linki yomwe imakudyetsani. Chigwireni pokhapokha ngati inu kapena amene munamulemba ntchito anagulapo malinki ambiri achinyengo, makamaka ngati chilango chafika kale.

Zotsatira sizibwera mawa, zimatenga masabata pena miyezi, nde musamasinthe zinthu tsiku ndi tsiku chifukwa cha phuma. Kamodzi pamwezi ndi zokwanira, mugule bando, mutsegule Search Console, muone 404 zatsopano, muone amene wayamba kukulozerani, mudine mabatani anu onse pa foni ngati mlendo. Ndipo domeni muzilipira nthawi isanakwane, kaya ndi ya .mw kaya .com, chifukwa ikangotha wina nkuigula malinki onse omwe mwavutikira zaka aja azikalozera kwa iyeyo. Malume ndinawauza zimenezi tikumwa tiyi, anadzuka osayankha, nkukatenga bolopeni, tsiku lolipira domeni analilemba pa kalendala ya pakhoma pansi penipeni pa tsiku logula feteleza, nkulizunguliza kawiri.