Musalipire satifiketi ya pa intaneti musanafunse amene adzailandire

Chiyambireni nyengo yolembetsa m'makoleji chaka chino, anthu atatu abwera kwa ine monga mlangizi atanyamula mapepala ofanana. Mapepala okongola ndithu, a chidindo chagolide, dzina la mwiniwake litalembedwa mokhotakhota pakati. Onsewa anasiyira sekondale panjira zaka zapitazo, anapeza "sukulu" pa intaneti, analipira, ndipo sabata ziwiri zisanathe satifiketi inafika. Atatu onsewo anawabweza pakhomo la koleji. Ndatopa nazo zomufotokozera munthu ndalama zitapita kale, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Kuphunzira pa intaneti kulibe mlandu. Kwa mayi wolera ana kapena bambo wogwira ntchito masana onse, njirayi ndi chipulumutso. Pamene anthu akulakwitsa ndi pamodzi pokha: akulipira kaye, kufunsa pambuyo. Satifiketi mphamvu yake siili pa pepala ayi. Ili kwa amene adzailandire, kaya ndi koleji, kaya ndi olemba ntchito, kaya ndi bungwe la boma loona za mayeso. Iwowo akapukusa mutu, chimene mwagulacho ndi chokongoletsera khoma basi.

Atambwaliwa amadziwa chimene mtima wanu ukufuna kumva. Amati palibe makalasi, palibe mphunzitsi wokuvutitsani, zimene mwakumana nazo pa moyo wanu aziwerengera ngati maphunziro. Mayeso ake ndi mafunso ochepa osankha yankho, ndipo mukalakwa amakulolani kubwereza mpaka mutakhoza. Pansi pa tsamba lawo amalemba kuti ndi ovomerezeka ndi bungwe lakutilakuti, dzina lake lomveka lolemera. Mukafufuza mupeza kuti bungwelo analipanga okha, mwini sukulu ndi mwini bungwe ndi munthu mmodzi. Ku America, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission lakhala likuchenjeza za masukulu otere, ndipo ena linawatengera kukhoti. Koma likatsekedwa tsamba limodzi mawa latuluka lina la dzina latsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalama zotayika zimapweteka, koma kwa ine ndizo zazing'ono. Chachikulu ndi chaka. Munthu wabwezedwa nthawi yolembetsa ikutha, ndiye adikire chaka chamawa, ndipo akadalibe satifiketi yeniyeni. Miyezi imeneyo akanaigwiritsa ntchito kuwerenga masamu bwenzi pano ali patali. Wina amakapereka pepalalo kuntchito, n'kumulemba, kenako zikadziwika amamuchotsa ngati wachinyengo, chonsecho iyeyo ndiye ananyengedwa. Dzina likaipa kuntchito silitsukika msanga. Ndiye pali chilonda chosaoneka ndi maso. Munthu amene analimba mtima kubwerera ku maphunziro patapita zaka khumi, akagwa m'mbuna yotere amati sukulu si yake, sadzayesanso. Ameneyo tamutaya kawiri.

Chimene chimandinyansa ndi chizolowezi chathu chochita zinthu mobisa. Munthu wamkulu amachita manyazi kunena kuti sanamalize sekondale, ndiye amafufuza yekha usiku pa foni, salankhula ndi aliyense, amakhulupirira tsamba loyamba limene latulukira. Loyambalo nthawi zambiri ndi lotsatsa malonda, analipira kuti likhale pamwamba. Manyazi a chiyani? Anthu amasiya sukulu chifukwa cha matenda, mimba, umphawi, imfa ya kholo. Kufunsa ku ofesi yolembetsa ophunzira sikutenga ngakhale theka la ola. Makolo anati safunsa anadya phula, koma mwambiwu timaunena pakamwa pokha.

Mmodzi mwa atatu aja ndi mlimi woweta nkhuku, bambo wanzeru zake, amene amafuna kukaphunzira za umoyo wa ziweto. Anandiyalira pepala lake patebulo n'kunena kuti, "Alangizi, komatu chidindo chilipo, onani." Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mukamagula anapiye mumangoona katoni?" Anaseka. Anati ayi, amafunsa kumene aswedwa, katemera amene alandira, amawagwira m'manja mmodzimmodzi kuona ngati ali ochangamuka. Nthawi ina anabweza katoni yonse chifukwa wogulitsa analephera kuyankha za katemera. Munthu wosamala chotere, pa maphunziro ake anapereka ndalama za nkhuku za gulu lonse osafunsa funso ndi limodzi lomwe. Mayeso awo akuti analemba usiku umodzi, mkazi wawo akuwafufuzira mayankho pa foni ina. Atamaliza kufotokoza anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndinkadziwa mumtima kuti zaphweka kwambiri." Pano akuwerenga ola limodzi m'mawa uliwonse akatha kudyetsa nkhuku, ndipo tizigawo ta masamu tikuwavuta monga timavutira aliyense.

Mayeso enieni amaoneka ndi kulemera kwake. Taonani GED, satifiketi ya ku America yolowa m'malo mwa ya sekondale, imene inayamba mu 1942 pothandiza asilikali a ku America amene nkhondo inawadulira sukulu. Ili ndi maphunziro anayi: masamu, Chingelezi, sayansi ndi za chikhalidwe cha anthu. Kulemba onse kumatenga pafupifupi maola 7, ndipo pa phunziro lililonse muyenera kupeza 145 pa malikisi oyambira 100 kufika 200. Kumene amalola kulembera kunyumba, woyang'anira amakuonani pa kamera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, amaona chiphaso chanu, ndipo salola munthu wina m'chipindamo. M'madera ena, musanaloledwe kulembera kunyumba muyenera kukhoza kaye mayeso oyeserera otchedwa GED Ready. Kulembetsa kwake ndi pa tsamba la eni ake lokha. Wina akakuuzani kuti akupatsani GED popanda zonsezi, ndi wakuba.

Tsono chitani izi. Yambani ndi kumene mukufuna kupita: funsani koleji kapena olemba ntchito kuti amalandira satifiketi ziti, ndipo yankho akupatseni molemba. Dzina la bungwe lovomereza sukulu mukalifufuze ku unduna wa maphunziro wa dziko limene sukuluyo ili, kenako muone pa tsamba la bungwelo ngati sukuluyo ilipodi pamndandanda. Funsani ngati bungwe la mayeso la dziko lanu limalola olemba paokha, chifukwa mutha kuphunzira pa intaneti n'kukalemba mayeso a boma omwewo. Njira zina zodziwika zilipo: HiSET ya ku America ya mapepala asanu, IGCSE ya Cambridge imene mumalembetsa kudzera pamalo ovomerezeka n'kukalemba m'chipinda cha mayeso, ndi NIOS ya boma la India, yokhazikitsidwa mu 1989, imene imapatsa wophunzira zaka zisanu kuti amalize. Ngakhale zimenezi, funsani kaye ngati kumene mukupita amazilandira. Zowerenga zaulere ziliko, masamu ndi sayansi yambani pa tsamba la pa intaneti la Khan Academy. Ku sukulu yanu yakale katengeni kalata ya zotsatira za makalasi amene munamaliza, masukulu ena amawerengera zimenezo. Malisiti onse sungani.