Momwe mungakonzere makina otchetchera udzu a batire chingwe chikamakana kutuluka

Mvula ikangokhazikika mu Disembala kapinga wapakhomo sadikira munthu, sabata ziwiri zokha wafika kale m'mawondo, ndiye ambiri amene tinatopa ndi chikwakwa tinagula timakina tija ta batire totchetcha ndi chingwe cha nayiloni, ena Ingco, ena Total, ena Ryobi kapena Makita obwera nawo achibale kuchokera ku Joni. Koma dandaulo limene ndimamva kwa pafupifupi aliyense ndi limodzi lomweli: mota ikulira bwinobwino, mutu wa makina (pamene pamatulukira chingwe) ukuzungulira, koma chingwe chaduka n'kulowa mkati ndipo sichikutulukanso kaya mugogode pansi kangati. Ineyo ndinatsala pang'ono kukagula makina ena chifukwa cha zimenezi, pomwe vuto lonse linali chingwe chimene ndinaikamo komanso mmene ndinachikulungira basi.

Musanagwire chilichonse chotsani batire. Ndikunena zoona, chotsani. Mukamalimbana ndi chivundikiro makina ali pamiyendo sikuchedwa kudina batani mosadziwa, ndipo zala zanu zimakhala zili pomwepo pozungulira.

Kenako dziwani kaye mtundu wa mutu umene muli nawo chifukwa si yonse imatulutsa chingwe mofanana. Wina ndi wogogoda, uli ndi kachotupa pansi pake kamene mumamenyetsa pa kapinga makina akuthamanga, sipuling'i ya mkati imafinyika, spool (kagudumu ka mkati kokulungapo chingwe) imamasuka pang'ono ndiye liwiro lozungulira lija limakoka chingwe kuti chituluke. Wina ndi wodzitulutsa wokha, ulibe chogogoda, ndipo ambiri a mtundu umenewu amatulutsa kachingwe pang'ono nthawi iliyonse mukasiya batani n'kuyatsanso. Ndaonapo anthu akumenyetsa pansi mutu wodzitulutsa wokha mpaka chivundikiro kung'aluka, chonde musatero. Mitundu iwiri yonseyi imadalira liwiro, choncho batire ikafooka mutu sukhala ndi mphamvu yokokera chingwe kunja. Tchajani kaye idzaze, makamaka masiku amene magetsi amangothimathima batire n'kungolawa moto pang'ono, muyesenso musanatsegule kalikonse. Nthawi zina nkhani imathera pomwepa.

Zikakanika tsegulani mutu, dinani tizitsulo kapena timapulasitiki tiwiri ta m'mbali togwira chivundikiro. Tsegulirani pa khonde kapena pa chiguduli osati pa udzu, chifukwa sipuling'i ikadumpha n'kugwera mu kapinga mudzaifuna mpaka dzuwa kulowa, ndipo kuipeza yokha yogulitsa m'mashopu a hardware n'kovuta, amakuuzani kuti gulani mutu wonse. Kokani spool, chotsani udzu, dothi louma ndi timiyala tonse mkatimo ndi mswachi wakale. Onaninso kuseri kwa mutu pamene pali shafiti, udzu wautali wauwisi umakonda kukulungika pamenepo n'kulimba ngati nkhata, mutu n'kumalemera, mota n'kumatentha.

Tsopano yang'anani spool ija. Gwirani nsonga ya chingwe mukoke pang'onopang'ono. Chikamasuka mosavuta ndiye kuti chinangodukira pakabowo kotulukira chingwe, ingochilowetsaninso. Koma chikakakamira, apa ndi pamene pali nkhani yonse, ndipo ndi pamene ine panandivuta kwa mwezi wathunthu.

Chingwe chimene chinabwera ndi makina chitatha ndinapita m'tauni kukafuna china. Mnyamata wina wogulitsa zitsulo m'mbali mwa msewu anandionetsa mpukutu wofiira wonenepa bwino akuti "bwana tengani ichi, chimalowa makina alionse, chija chopyapyala n'chosachedwa kuduka." Ndinaona ngati zomveka, chonenepa ndiye cholimba. Chinali cha 2.4mm, chimene ndi cha makina akuluakulu a petulo aja ogwirira ntchito m'misewu ndi m'mabwalo a mpira, pomwe anga analembedwa pa bokosi kuti 1.6mm. Timakina tambiri ta 18V kapena 20V timafuna 1.6mm, ena amphamvu pang'ono amalola 2.0mm, ndipo nambala imeneyi imakhala m'kabuku, pa bokosi, nthawi zina pa spool penipenipo. Chingwe chonenepa chimadutsa mokakamiza pakabowo, chimalemetsa mota, batire imatha msanga, ndipo mutu wodzitulutsa wokha umasokonekeratu chifukwa anaupanga molingana ndi kulemera kwa chingwe chake. Palinso ena amagulitsa thwaini wa asodzi namati ndi yemweyo, ayi, ameneyo amangophwanyika akakhudza tsinde louma.

Ndiye kuwonjezera pa kukula kolakwikako ndinakulunganso mothamanga ngati mmene timakulungira ulusi pa kamtengo, mizere ikupingasana, wina pamwamba wina pansi, n'kudzaza spool mpaka pakamwa poganiza kuti ndisamavutike kutsegulatsegula. Nditatchetcha mphindi zochepa m'mbali mwa mpanda wa njerwa chingwe chinaima. Ndinagogoda, ndinagogodanso, palibe. Potsegula ndinapeza mizere itatu itamatana, pamene inapingasana panali poyera ponyezimira ngati pulasitiki yomwe yayandikira moto, ndipo ndinachita kudula ndi mpeni kuti ilekane. Chimachitika n'choti nsonga ikamamenya chinthu cholimba chingwe chonse chimanjenjemera mpaka mkati, mizere yopingasana imakhulana, imatentha, nayiloni n'kusungunuka pang'ono n'kugwirana. Mukadula pomatanapo n'kubwezera osakulunganso, pakapita kanthawi pamamatanso pena. Ine ndinachita zimenezo kangapo ndisanazindikire kuti ndiyenera kumasula chonse n'kuyambiranso.

Kakulungidwe koyenera ndi aka. Masulani chingwe chonse chakale. Dulani chatsopano cha saizi yoyenera, ine ndimadula mamita anayi kapena asanu okha ngakhale spool ingathe kulandira choposa apo, chifukwa chochepa chokulungidwa bwino chimagwira ntchito kuposa chodzaza chothinana. Lowetsani nsonga m'kabowo kapena kampata kogwirira kamene kali pakati pa spool, ipindeni kuti igwire. Kenako funani muvi. Pa spool iliyonse pamakhala kamuvi kosonyeza kolowera, nthawi zina kamakhala kobisika ndi dothi ndiye pukutani muone, ndipo mukakulunga mosemphana nako chingwe m'malo motuluka chimadzimanga chokha kapena chimangokhuthuka chonse mkatimo n'kusokonekera. Tsatirani muviwo, chala chachikulu chikhale chikupanikiza chingwe, mzere uliwonse ugone pafupi ndi unzake mwandondomeko kuchoka mbali ino kufika mbali inayo, mukamaliza mzere wapansi ndiye mukwere pamwamba kubwerera. Musakoke mwamphamvu kwambiri mpaka mzere wapamwamba kulowerera pakati pa yapansi, komanso chisakhale cholobodoka. Mukaona kuti pena papingasana bwererani pomwepo mukonze, musati zilibe kanthu, chifukwa pamenepo ndi pamene padzamatane. Siyani mpata pang'ono m'mphepete, chingwe chisapitirire milomo ya spool.

Ngati mutu wanu ndi wa zingwe ziwiri, spool imakhala ndi khoma pakati. Zina mumapinda chingwe chimodzi pakati n'kukoleka pa kampata ka pakhomalo, zina mumaika zidutswa ziwiri zosiyana, koma zonse zilowere kumodzi kumene muvi ukuloza ndipo chilichonse chikhale m'chipinda chake, chisadumphire kwa chinzake.

Chinthu china chimene anthu amadabwa nacho ndi madzi. Nayiloni imamwa chinyezi, ndipo ikauma imakhala yophwanyika. Mpukutu umene wakhala pa dzuwa pa benchi ya wogulitsa kapena m'galaja ya malata chilimwe chonse cha Okutobala umaduka pafupipafupi ngakhale uli wa saizi yoyenera. Uviikeni mu ndowa ya madzi usiku umodzi musanakulunge, mudzaona kusiyana kwake, chingwe chimafewa n'kumapindika osathyoka. Wotsala ndimasunga m'jumbo yomanga ndi kansalu konyowa mkati, pamthunzi. Ndipo pankhani ya ndalama, ma spool okulungakulunga kale amene amagulitsa m'mashopu akuluakulu ndi odula kwambiri mukayerekeza ndi kugula mpukutu waukulu n'kumakulunga nokha, kungoti onetsetsani kuti pa paketi palembedwa saizi. Chopanda chizindikiro chilichonse chongomangidwa ndi mphira ine ndinasiya kugula.

Mukamaliza kukulunga siyani nsonga yotalika masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono, ikolekeni pa kampata ka m'mphepete mwa spool kuti isamasuke, bwezerani sipuling'i pamalo pake, lowetsani nsonga pakabowo ka mutu, khazikani spool, ndiye kokani nsongayo kuti ichoke pa kampata kaja. Osaiwala zimenezi, ambiri amatseka chingwe chidakali chokoleka ndiye n'kumadabwa kuti sichikuyenda. Tsekani chivundikiro mpaka chilire kuti thapu mbali zonse ziwiri.

Poti mwatsegula kale, onani kabowo kotulukira chingwe. Kamakhala ndi kachitsulo kozungulira, kakadyeka n'kukhala ndi mpata wakuthwa kapena kakagwa, chingwe chizingodukira pomwepo. Mano a pulasitiki a pansi pa spool ndi a pachivundikiro akaperepeseka ndiye palibenso chokonza, gulani spool kapena chivundikiro china, tengani chakalecho popita kuti mukayerekeze. Mafuta kapena girisi musathiremo, zimangoitana fumbi. Kampeni kakang'ono kamene kali pa chotchingira cha pamwamba pa mutu kamadula chingwe chikatalika, kakabuntha kanoleni ndi fayilo, ndipo chotchingiracho musachichotse ngati mmene ena amachitira.

Potchetcha gogodani kamodzi mopepuka pa kapinga makina ali pa liwiro lonse, osati pa simenti, ndipo muzigogoda chingwe chisanafupike kwambiri. Dulani ndi nsonga yokha, musakankhire mutu wonse mu udzu kapena pa njerwa. A mutu wodzitulutsa wokha musamangoyatsa n'kuzimitsa pafupipafupi, chingwe chimathera pa kampeni. Udzu ukakula kupitirira m'mawondo yambani mwautchetcha ndi chikwakwa, makinawa amalize pansi.