Kudya ndalama za webusaiti muli pakhomo: malangizo kwa anzanga a mu Blantyre muno

Achimwene ndi achemwali a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Machinjiri ndi kwina konseko, funso loti kodi munthu angapeze ndalama ndi bulogu kapena webusaiti ali khale pakhomo lachuluka, ndiye tiyeni tikambirane bwinobwino. Zimatheka ndithu. Koma osati mmene ambiri mukuganizira muja, zoti mutsegula tsamba lero, Google iikepo ma adi (zotsatsa malonda), mwezi ukatha madola ayambe kulowa. Kwathu kuno ndalama yoyamba kawirikawiri imachokera kwa munthu wa geni amene mumadutsa pa shopu yake tsiku ndi tsiku, za Google zija zimabwera mochedwa, kwa ena sizibwera n'komwe.

Tiyambe ndi AdSense yomweyo poti ndi imene aliyense amathamangira. Iyi ndi njira imene Google imaika zotsatsa malonda pa tsamba lanu n'kumakugawirani kangachepe. Muyenera kukhala ndi zaka 18, ndipo sakutumizirani kanthu mpaka ndalama yanu itakwana madola 100. Ikangofika madola 10 amatumiza PIN pa kalata ya pa positi kuti atsimikize adiresi yanu, ndiye poti nyumba zambiri mmakwalala mwathumu kalata siifika, konzeranitu bokosi la ku positi ofesi, kaya la mpingo kaya la kuntchito kwa m'bale wanu, bola likhale loti mumalifikira. Dzina mulembe limene lili pa chiphaso chanu cha unzika ndi ku banki, osati dzina la pa Facebook.

Ndiye pali ichi chimene ambiri amadzachidziwa atatopa kale: Chichewa sichili pa mndandanda wa zilankhulo zimene AdSense imalola. Tsamba lolembedwa mChichewa chokhachokha musaliwerengere ndalama za kumeneko. Olo mulembe mChingerezi, otsatsa malonda amalipira zochepa pa owerenga a kuno poyerekeza ndi a ku America kapena ku Ulaya. Tangowerengerani nokha, tiyerekeze kuti tsamba likatsegulidwa ka 1,000 mukupeza dola imodzi, ndiye kuti lifunika litsegulidwe ka 100,000 kuti mufike pa madola 100 aja. Ndipo chonde musauze anzanu a pa gulupu ya WhatsApp kuti azikudinirani ma adi, ngakhale inu eni musadine, makina awo amazindikira ndipo akaunti amatseka, ndalama imene munaunjika ija n'kupita nayo limodzi.

Apatu sindikunena kuti musiye Chichewa ayi. Ine ndimaona kuti mphamvu yanu ili pomwepo, chifukwa mayi wogulitsa makeke ku Chilobwe sakufuna owerenga a ku London, akufuna mtsikana wa ku Zingwangwa amene ukwati wake uli mwezi wa mawa.

Ndiye sankhani mutu umodzi wopapatiza, umene mumaudziwa komanso woti miyendo yanu ikhoza kukafika komwe nkhaniyo ili. Zolemba chilichonse, lero mpira mawa ndale mkuja miseche ya oimba, zisiyeni, kumeneko mukupikisana ndi nyumba zofalitsa nkhani zokhala ndi atolankhani ndi magalimoto. Ganizirani zinthu zimene anthu amavutika kuzifufuza mu tauni muno: nyumba za lendi ndi mitengo yake dera ndi dera, mitengo ya simenti ndi malata ku Limbe, kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, kukonzekera mayeso a MSCE, malo ochitira maukwati ndi zinkhoswe.

Titenge za maukwati zomwezi kuti muone mmene ntchito imayendera. Mumadzuka Loweruka, foni yodzadza moto, n'kupita pa holo ina, mwapempha kaye chilolezo kwa oyang'anira, mwajambula mkati ndi kunja. Mukufunsa: mumalowa anthu angati, mipando ndi yanu kapena tibwere nayo, magetsi akathima jenereta ilipo, nanga mafuta ake agula ndani, magalimoto aima pati, zimbudzi zili bwanji, dipoziti ndi zingati ndipo imabwezedwa liti. Mukalemba muikepo tsiku limene munafunsa mtengowo chifukwa mitengo masiku ano sikugona. Sabata yotsatira holo ina. Pakutha miyezi ingapo muli ndi chinthu chimene komiti iliyonse ya ukwati ikuchifuna, ndipo azitumizirana okha pa WhatsApp inu musanawapemphe. Apa mpamene mumapita kwa mayi wa makeke uja, kwa telala, wojambula, wokongoletsa holo, wa zoimbira, n'kuwatsegulira foni aone okha chiwerengero cha anthu amene awerenga mwezi uno. Muwauze kuti mwezi woyamba muwaika ulere, iwo azingofunsa kasitomala aliyense watsopano kuti mwatidziwa bwanji. Akamva anthu awiri atatu akutchula tsamba lanu, za mtengo wa pamwezi simuvutikanso kukambirana, ndipo ndalama yake imalowa pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo, yopanda kudikira kalata ya PIN. Chimene alipira mulembepo poyera kuti ndi malonda, owerenga asamaone ngati mukuyamikira mwa inu nokha.

Njira ina imene imabweretsa ndalama msanga kuposa zonsezi ndi kupangira ena. Mukaphunzira kukonza tsamba lanu ndiye kuti mwaphunzira luso logulitsika, masukulu a pulaiveti, malo ogona alendo, magalaja, mipingo ndi timabungwe tating'ono ambiri alibe olo tsamba limodzi losonyeza komwe ali ndi nambala yawo. Ena chimene akusowa ndi kungowaika pa Google Maps basi, zimene Google siilipiritsa, inu mumalipiritsa nthawi yanu ndi luso. Pokambirana mtengo musiyanitse ndalama yopangira ndi ndalama yosamalira chaka ndi chaka, mulemberane pa pepala, theka alipiretu. Dzina la webusaitiyo, domain ija, mulembetse m'dzina la mwini bizinesi osati lanu. Mukadzasemphana mawa asadzakutcheni wakuba, mu Blantyre mbiri imayenda msanga.

Za mpamba woyambira. Musakongole ndalama ya katapila chifukwa cha webusaiti, chonde. Pa malo otsegulirapo bulogu, Blogger ndi yaulere, WordPress nayo ili ndi gawo laulere, yambirani pamenepo ndi foni imene muli nayoyo. Domain yanuyanu ndi hosting (malo osungirapo tsamba lanu pa intaneti) mudzagule anthu akayamba kubwera, podziwa kuti zimenezi zimalipiridwa chaka ndi chaka ndipo makampani akunja amafuna madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023 amene amalipira kunja anaona bilu ikukwera tsiku limodzi, kuonjezera apo ndi kusowa kwa forex khadi la ku banki limatha kukana pa tsiku limene mukulifunitsitsa. Ndiye tsiku lothera domain mulilembe pa khoma, muyambe kuyesa kulipira kudakali mwezi wathunthu, chifukwa ikatha osalipira tsamba limazima ndipo pakapita nthawi wina akhoza kugula dzinalo. Funsaninso makampani a konkuno amene amalandira makwacha.

Tsopano owerenga anu muwadziwe. Pafupifupi onse ali pa foni, ndipo ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, kutanthauza kuti linki yanu akaidina siitseguka. Ndiye mfundo zikuluzikulu muziika pa uthenga womwewo pamodzi ndi dzina la tsamba lanu ndi la wotsatsa uja, wofuna zambiri adzatsegula akagula data. Zithunzi muzichepetse musanaziike, chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kulemera 4MB pamene chochepetsedwa bwino sichifika ndi 200KB yomwe koma chikuonekabe bwino. Munthu tsamba likamudyera bandulo sabweranso. Mukamaliza kukonza muliyese pa kafoni kotchipa, pamalo pamene netiweki imavuta, osati pa Wi-Fi ya mu tauni.

Magetsi mukudziwa kale mmene amachitira. Lembani nkhani zanu intaneti ili yotseka, muzisunge, magetsi ndi netiweki zikakhala bwino muike zingapo n'kuzitchera masiku oti zizituluka zokha. Pawa banki ndi yofunika kuposa laputopu yodula. Ndipo mwezi uliwonse sungani kope ya tsamba lonse pa fulashi kapena pa Google Drive.

Kugwira ntchito pakhomo kuli ndi vuto lake limene sitimalitchula kawirikawiri, anthu akakuonani muli pa mkeka ndi foni amati mukungocheza, ndiye kutumidwa sikutha, pita ku chigayo, kagule makala, tagwira mwanayu. Khalani nawo pansi a kunyumba muwafotokozere maola anu, mwina kuyambira 5 koloko mmawa mpaka 8, ndipo inunso maola amenewo muwalemekeze, TikTok itsekedwe. Amene muli pa ntchito kapena pa geni ina musaisiye, webusaiti ili ngati mtengo wa mango, mumathirira nyengo zingapo musanadye chipatso chake.

Pa za malamulo ndiye samalani kwambiri. Kukopera nkhani ya mu nyuzipepala kapena chithunzi cha wojambula wina n'kuika ngati chanu ndi kuphwanya lamulo la Copyright la 2016, lomwe a COSOMA amaliyang'anira, komanso Google imakana masamba ongokopera. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 nalo lilipo, anthu amamangidwa nalo chifukwa cha zonyoza ndi zoopseza za pa intaneti, ndiye nkhani yoipitsa mbiri ya munthu imene mulibe nayo umboni isakukopeni olo ikhale yobweretsa anthu ambiri bwanji. Wina akakuuzani kuti lipirani kaye ndalama yolembetsera kuti muzilandira madola podina malinki, kapena kuti mubweretse anzanu atatu kuti mukwere sitepe, thawani, ndipo PIN ya Mpamba kapena Airtel Money musapatse munthu.

Gulani kope la masamba 40 lija muzilemba zonse, kumanzere zimene zatuluka monga bandulo, thiransipoti ya minibasi ndi domain, kumanja zimene zalowa ndi dzina la wolipira. Ndalama zikayamba kulowa mokhazikika pitani ku MRA mukatenge TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, makampani akuluakulu ndi mabungwe amaifunsa asanakulipireni. Pakatha miyezi 6 mukulemba sabata iliyonse koma palibe wa bizinesi olo mmodzi amene wavomera kuyesa ngakhale mwezi waulere uja, musaonjezere ndalama, bwererani kwa anthu asanu mwa amene munawayendera mukawafunse chimene makasitomala awo amafunsa kwambiri, mutu wanu muusinthire kumeneko.