Momwe mungakonzekerere ulendo wa pa sitima wokaona nyama ku zilumba za Galápagos

Zilumba za Galápagos ndi za dziko la Ecuador, ndipo zili m'nyanja ya Pacific, makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kumtunda. Nyama za kumeneku sizithawa munthu.

Musayambe n'kufunsa mtengo. Yambani ndi nyama imene mtima wanu ukulakalaka kuona, poti sitima iliyonse ili ndi njira yomwe akuluakulu a paki yotetezera nyama pazilumbazi anavomereza, ndipo woyendetsa sangapatuke chifukwa cha inu. Mapengwini ndi mphipi zosauluka mukazipeza kumadzulo, ku zilumba za Isabela ndi Fernandina. Mbalame zikuluzikulu za albatross zimaswana pa chilumba cha Española kuyambira Epulo mpaka Disembala. Mukapita mu Febuluwale, mukapeza zili kunyanja. Afulu akuluakulu aja, olemera kuposa munthu, amaoneka mosavuta kumapiri a pa chilumba cha Santa Cruz.

Kenako sankhani nyengo. Disembala mpaka Meyi kumatentha, nyanja imakhala bata. Juni mpaka Novembala madzi amazizira, mafunde amakula, choncho amene mumachita nseru pamadzi tengani mankhwala. Ine ndinganene kuti kwerani sitima yaing'ono ya anthu 16, chifukwa mumatsika msanga osadikirana.

Ndege zimanyamuka ku Quito kapena Guayaquil, mizinda ya ku Ecuador, n'kukatera pa chilumba cha Baltra kapena San Cristóbal. Musanakwere ndege mulipira madola 20 a khadi la alendo, ndipo pabwalo la ndege akasecha katundu wanu kuti mbewu ndi tizilombo zisalowe pazilumbazo. Mukafika, mlendo wamkulu wochokera kunja amalipira madola 200 olowera m'paki, kuyambira Ogasiti 2024. Nyamulani ndalama zapamanja. Ecuador imagwiritsa ntchito dola ya America.

Tsiku lililonse kaboti kotchedwa panga kamakufikitsani kugombe. Penapake mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo, ndiye nsapato zosaopa madzi n'zofunika, komanso zina zolimba zopondera miyala yakuthwa ya chiphalaphala chouma.

Lamulo lalikulu ndi lotalikirana ndi nyama mamita awiri. Mudzaona abuluzi akuda, ngati ang'azi, ataunjikana pamwala akuwothera dzuwa n'kumayetsemula mchere m'mphuno. Dzanja lidzakuyabwani, koma musawakhudze kapena kuwadyetsa. Yendani m'kanjira kovomerezeka, pambuyo pa wokutsogolerani wachiphaso, maso pansi: mbalame zamapazi abuluu zimaikira mazira pamtetete, nthawi zina pakati penipeni pa njira.